Chiganizo chimodzi chokha: kodi malongosoledwe a chida cha AI chowerenga masheya ndi okwanira?

Funso: Ndine msungichuma wa bungwe lathu la maliro ku Mufakose, kuno ku Harare. Ndalama zina za bungwe tinagulira masheya pa msika wa Zimbabwe Stock Exchange (ZSE), zina pa wa Victoria Falls Stock Exchange (VFEX). Muphwa wanga, yemwe amapanga mapulogalamu, akufuna kulumikiza ajenti wa AI, pulogalamu yomwe imayankha mafunso ndi kugwira ntchito m'malo mwa munthu, ku akaunti yathu kuti ndizingofunsa pa foni kuti masheya athu ndi angati ndipo akukwana ndalama zingati. Chida chimene wapeza dzina lake ndi get_holdings, ndipo malongosoledwe ake ndi chiganizo chimodzi cha Chingerezi chonena kuti chimabweza zimene akaunti ili nazo. Iye akuti n'zokwanira. Ine mtima sukukhazikika, chifukwa ndalamazi si zanga. Tingadziwe bwanji ngati malongosoledwe amenewa ali bwino?

Yankho: Bambo, mtima wanuwo ukunena zoona. Chiganizo chimodzi sichikwanira, ndipo chifukwa chake n'chakuti malongosoledwe a chida chotere sawerengedwa ndi muphwa wanu yekha. Wowerenga wamkulu ndi AI mwiniwakeyo. Zida zambiri zamasiku ano zimalumikizidwa kudzera mu ndondomeko ya Model Context Protocol, mwachidule MCP, imene kampani ya Anthropic inatulutsa mu Novembala 2024. M'ndondomeko imeneyi chida chimadzidziwitsa ndi zinthu zitatu: dzina lake, mawu ofotokoza ntchito yake otchedwa description, ndi inputSchema, womwe ndi mndandanda wa zimene chiyenera kupatsidwa kuti chigwire ntchito. Ajenti saona m'kati mwa pulogalamu. Amaona zitatuzi, kenako zimene chida chabweza, basi. Pa zochepa zimenezi ndi pamene amasankhira nthawi yoitana chida, zoti achipatse, ndi tanthauzo la manambala amene abwera.

Munthu akaona nambala yomudabwitsa amaimbira broker, amene amamugulira ndi kumugulitsira masheya. Ajenti kawirikawiri satero. Akulu anati safunsa anadya phula, koma apa wodya phulayo ndinu, chifukwa ajenti amatseka mpata ndi zimene zikumveka ngati zoona, n'kukuyankhani mosadodoma ngati munthu wodziwa. Ndipo zimene zimamveka zoona kwa iye nthawi zambiri ndi za misika ya ku America, kumene ndalama ndi imodzi ndipo mitengo imalembedwa m'madola athunthu. Kuno sizili choncho. N'chifukwa chake poyesa malongosoledwe musafunse kuti kodi alembedwa mokoma. Funsani kuti ndi pati pamene asiya ajenti kuti aziyerekeza yekha.

Poyambira ndi pa ndalama, chifukwa ndi pamene bungwe ngati lanu lingavulale kwambiri. Masheya a pa ZSE amagulitsidwa mu ZiG, ndalama ya dziko lino la Zimbabwe, a pa VFEX m'madola a ku America. VFEX inatsegulidwa mu Okutobala 2020, ndipo makampani monga Padenga, Simbisa ndi Innscor anachoka pa ZSE n'kupita kumeneko. Akaunti yanu ili ndi ndalama ziwiri m'thumba limodzi. Malongosoledwe abwino amanena poyera kuti mzere uliwonse umabwera ndi chizindikiro cha ndalama yake motsatira muyezo wa dziko lonse wa ISO 4217, kutanthauza ZWG pa ZiG ndi USD pa dola. Ngati pali nambala imodzi pansi yotchedwa total, ayenera kunena kuti ili m'ndalama iti, anasintha pa mtengo wanji, wa tsiku liti, wochokera kuti. Si nkhani yaing'ono. Pa 27 Seputembala 2024 mtengo wovomerezeka wa dola unachoka pafupifupi pa ZiG 14 n'kufika pafupifupi pa ZiG 24 tsiku limodzi. Chida chimene chinali kugwiritsa ntchito mtengo wa dzulo lake chinkauza eni masheya a pa ZSE kuti ali ndi madola ochuluka kwambiri kuposa amene anali nawo. Ine ndimakonda chida chimene sichiphatikiza n'komwe, chongopereka chiwerengero cha ZiG pachokha ndi cha madola pachokha.

Pambuyo pake pali masenti. Mitengo ya pa ZSE ndi pa VFEX imalembedwa m'masenti, monga mmene ya ku Johannesburg ilili m'masenti a randi ndi ya ku London m'mapeni. Tiyerekeze kuti muli ndi masheya 2,000 ndipo chida chabweza price ya 1500. Ngati ndi masenti, sheya imodzi ndi ZiG 15, ndipo onse akukwana ZiG 30,000. Ajenti wosauzidwa achulukitsa 2,000 ndi 1,500 n'kukuuzani kuti muli ndi ZiG 3,000,000. Mukaima pa msonkhano wa bungwe n'kuwerenga nambala imeneyo, azimayi aululu aululuza, ndipo mwezi wotsatira mudzafunsidwa kumene zapita. Liwu limodzi lokha m'malongosoledwe, loti masenti, limatseka dzenje lonseli.

Pali msampha wina wa kuno kokha. ZiG inayamba pa 5 Epulo 2024, ndipo ndalama yakale ya ZWL inasinthidwa pa mtengo wa 2,498.7242 pa ZiG imodzi. Ngati bungwe linagula masheya mu 2023, mtengo wogulira unalembedwa mu ZWL. Chida chikamapereka cost basis, kutanthauza ndalama zimene munalipira pogula, malongosoledwe anene ngati nambalayo inasinthidwa kale. Sheya yogulidwa pa ZWL 5,000 ndi pafupifupi ZiG 2. Ikakhala pa ZiG 3 lero, pa pepala mwapindula. Koma ajenti akayerekeza 5,000 ndi 3 akuuzani kuti mwataya pafupifupi zonse. Anenenso ngati mtengo wogulirawo ukuphatikiza komishoni ya broker ndi misonkho, komanso mmene amawerengera mukagula kampani yomweyo maulendo angapo pa mitengo yosiyana: kodi amatenga avereji, kapena amayamba ndi amene munagula poyamba.

Nthawi ndi yachiwiri. Nambala iliyonse ya mtengo iyenera kuyenda ndi tsiku lake ndi ola lake, ndipo malongosoledwe anene kuti ndi mtengo uti: wotsekera dzulo, wa malonda omaliza, kapena umene ogula akupereka pakali pano. Pa msika wathu pali makampani amene amatha masiku osagulitsidwa sheya ndi imodzi yomwe, choncho mtengo womaliza ukhoza kukhala wa sabata yatha. Zoposa pamenepo zinachitikapo. Kumapeto kwa Juni 2020 boma linaimitsa malonda onse pa ZSE, ndipo pamene anayambiranso pa 3 Ogasiti, Old Mutual, PPC ndi Seed Co International sanabwerere limodzi ndi anzawo. Chida chosanena kuti sheya yaimitsidwa chimapitiriza kuonetsa mtengo wakale ngati ndalama yoti mungaitape mawa maliro akagwa. Funani gawo lonena za mkhalidwe wa sheya iliyonse, ndi mndandanda wa mawu onse amene gawolo lingakhale nawo. Ola lilembedwe motsatira ISO 8601, muyezo wa dziko lonse wolembera tsiku ndi nthawi, ndi chizindikiro cha dera. Harare ili patsogolo pa UTC, nthawi yoyendera dziko lonse, ndi maola awiri, ndiye 22:30 ya pa seva (kompyuta yoyendetsa chidacho) yoyendera UTC ndi 00:30 ya tsiku lotsatira kwa inu, ndipo funso loti "dzulo tinali ndi angati" likhoza kuyankhidwa ndi manambala a dzana.

Tsopano liwu loti holdings lenilenilo. Limaoneka losavuta koma limabisa zambiri. Mukagula sheya lero, pamadutsa masiku angapo a ntchito kuti ndalama ndi masheya zisinthane manja. Ku America anafupikitsa nthawiyi kufika tsiku limodzi kuyambira pa 28 Meyi 2024, koma msika uliwonse uli ndi lamulo lake. Kodi chida chimawerenga masheya kuyambira tsiku logula, kapena podikira kuti malipiro athe? Nanga amene mwaika pa malonda koma sanagulidwe? Nanga amene munapereka ngati chikole cha ngongole? Malongosoledwe okhwima amasiyanitsa onse amene muli nawo ndi amene mungagulitse lero. Anenenso ngati ndalama zongokhala mu akaunti zili m'gulu lomwelo kapena zimafuna chida china.

Kumene masheya amasungidwa nakonso n'kofunika. Kuno kuli nkhokwe ziwiri za masheya a pa ZSE, Chengetedzai Depository Company ndi ya ZSE yeniyeniyo, ndipo mabungwe akale ambiri akadali ndi masatifiketi a mapepala m'sutikesi, amene mbiri yake ili kwa transfer secretary, wosunga kaundula wa eni masheya a kampani. Chida cha broker chimaona zokhazo zimene zadutsa kwa broker ameneyo. Ngati malongosoledwe sanena malire amenewa, ajenti adzayankha funso loti "masheya athu onse" ndi theka chabe, osadziwa kuti ndi theka.

Makampani amagawikanso. Econet inatulutsa Cassava Smartech mu Disembala 2018, ndipo eni masheya a Econet anadzuka ali ndi masheya a kampani imene sanagule. Pambuyo pake dzina linasintha kukhala EcoCash Holdings. Innscor nayo inabereka Simbisa ndi Axia mwa njira yomweyo. Pa masheya otere mtengo wogulira umakhala wopanda kanthu (null) kapena ziro, ndipo kusiyana kwa ziwirizi kuyenera kulembedwa. Ziro amatanthauza kuti munapeza ulere. Null amatanthauza kuti sizikudziwika. Ajenti wosauzidwa amazisakaniza, n'kukuwerengerani phindu lopanda mutu.

Za mayina ndinene mwachidule, koma chitsanzo chake chikutikhudza ife a Chichewa. FMB Capital Holdings ili pa msika wa masheya wa ku Blantyre, ndipo First Capital Bank ya kuno, yomwe ndi ya m'banja lomwelo, ili pa VFEX. Mayina ndi ofanana, ndalama ndi zosiyana, misika ndi yosiyana. Chosiyanitsa chodalirika ndi ISIN, nambala ya zilembo 12 imene imayamba ndi chizindikiro cha dziko, ZW kuno, MW kumudzi. Chida chibweze ISIN ndi dzina la msika pa mzere uliwonse, osati chidule cha dzina chokha.

Chimene chimandidetsa nkhawa kuposa zonsezi ndi zimene chida chimachita zinthu zikalakwika, ndipo apa ndi pamene malongosoledwe ambiri amakhala chete. Tiyerekeze kuti chilolezo cholowera chatha nthawi, seva ya broker n'kuyankha ndi nambala ya vuto ya 401, kapena mwafunsa kambirimbiri n'kuyankha 429. Wopanga chida waulesi amameza vutolo n'kubweza mndandanda wopanda kanthu. Ajenti akaona mndandanda wopanda kanthu amanena zimene akuona: "Akaunti yanu ilibe masheya." Ganizirani msungichuma akuwerenga zimenezo usiku. MCP ili ndi chizindikiro cha isError cholengeza kuti pachitika vuto, ndipo malongosoledwe ayenera kunena motsindika kuti mndandanda wopanda kanthu umatanthauza chinthu chimodzi chokha, kuti mulibedi masheya, ndipo vuto lililonse limabwera ndi uthenga wake. Uthengawo ukhale woti ajenti angachitepo kanthu. "Error 500" sauza munthu chilichonse. "Chilolezo chatha, uzani mwini akaunti alowenso, musayesenso" ndi uthenga wothandiza. Pakhalenso mawu a zimene zimachitika VFEX ikayankha koma ZSE osayankha. Yankho la theka liyenera kudzinena lokha kuti ndi la theka.

Chofanana nacho ndi masamba. Zida zambiri zimabweza mizere yochepa pa ulendo umodzi, mwina 20 kapena 50, n'kuika chizindikiro chotchedwa cursor choti mupitirize nacho. Ngati malongosoledwe sauza ajenti kuti aziitanabe mpaka chizindikirocho chitatha, iye amaphatikiza tsamba loyamba n'kulengeza kuti ndi zonse. Bungwe lokhala ndi makampani asanu silingakumane nazo lero, koma chizolowezi cha wolemba chimaonekera pa zinthu ngati zimenezi.

Mu inputSchema yang'anani account_id, nambala ya akaunti. Kodi ndi yokakamiza? Ikasiyidwa chimachitika n'chiyani? Ngati inu muli ndi akaunti yanu ya panokha kwa broker yemweyo, ndipo chida chimangotenga yoyamba kupezeka, mudzauzidwa za thumba lanu mukuganiza kuti ndi la bungwe. Malongosoledwe anene maonekedwe a nambalayo, ngati ndi ya ku nkhokwe ya masheya (CSD) kapena ya kwa broker, ndiponso chida chimene ajenti angaipezere, kuti asaipeke. Ngati pali outputSchema, imene ndondomeko ya MCP inawonjezera mu Juni 2025, ndi bwino kwambiri, chifukwa imafotokoza gawo lililonse la yankho. Muphwa wanu aonenso ngati ndalama zikubwera ngati manambala a float, okhala ndi kadontho, amene kompyuta imangowasunga moyandikira. Pa kompyuta 0.1 kuphatikiza 0.2 m'njira imeneyi zimatulutsa 0.30000000000000004, n'chifukwa chake odziwa ntchito amatumiza ndalama ngati masenti athunthu kapena ngati malemba.

Kodi chidachi chimangowerenga, kapena chingagwirenso ndalama? Dzina loti get_holdings likusonyeza kuwerenga, ndipo mwina muona chizindikiro cha readOnlyHint chili pa true, kunena kuti chimangowerenga. Musachikhulupirire chokha. Ndondomeko ya MCP imanena yokha kuti zizindikiro zimenezi ndi zongolozera, zolembedwa ndi wopanga chida, osati chitsimikizo. Loko weniweni ali kwa broker: kiyi kapena chilolezo chimene chidacho chikugwiritsa ntchito chikhale chongowerengera, chosatha kugula, kugulitsa kapena kutapa. Malongosoledwe atchule zilolezo zimene akufuna, kumene kiyi imasungidwa, ndi mmene mungaichotsere. Onaninso zida zina zimene zabwera mu seva yomweyo, chifukwa mukalumikiza chimodzi ajenti amaona zonse, kuphatikizapo zogulira ndi kugulitsira masheya, monga place_order, ngati zilipo. Ndipo ngati chida chikupempha dzina ndi pasiwedi yanu yeniyeni yolowera kwa broker, lekani pomwepo, ngakhale malongosoledwe ake atakhala aatali ngati msewu wa ku Nyamapanda. Imbirani broker wanu, amene ayenera kukhala ndi laisensi ya Securities and Exchange Commission of Zimbabwe, mufunse ngati akuchidziwa chidacho ndipo akulola kuti chilumikizidwe.

Dziwaninso kuti chilichonse chimene chida chabweza chimapita ku kampani ya AI imene ajenti akugwiritsa ntchito, nthawi zambiri kunja kwa dziko. Ngati yankho lili ndi mayina a osayinira, manambala a zitupa kapena akaunti ya ku banki, malongosoledwe anene. Dziko lino lili ndi lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021, loyang'aniridwa ndi POTRAZ, bungwe la boma loona za mapositi ndi matelefoni, ndipo zinsinsi za mamembala si zoti msungichuma angazipereke yekha popanda komiti kudziwa. Chida chabwino chimabweza zofunika zokha.

Pomaliza pa zoyang'ana, malongosoledwe amasintha. Seva ikhoza kusintha description mawa popanda kukuuzani, ndipo popeza ajenti amaiwerenga ngati malangizo, mawu obisidwa mmenemo angamusocheretse. Muphwa wanu awerenge mawu enieni amene ajenti amalandira, osati a pa tsamba lotsatsa malonda okha, asunge kope lake, ndipo akhomere chida pa version imodzi, kutanthauza mtundu umodzi wa pulogalamuyo, kuti chisasinthe chokha. Pakhale nambala ya version ndi mbiri ya zosintha. Description yokhala ndi mawu olamula ajenti kuti asauze mwini akaunti kanthu kena, kapena kuti atumize zinthu kwina, ndi chifukwa chokwanira chotayira chida chonsecho.

Kuti muone kusiyana, malongosoledwe oyenera, titawamasulira m'Chichewa, angamveke chonchi: "Chimabweza masheya a akaunti imodzi amene malipiro ake anatha, a pa ZSE ndi pa VFEX, osungidwa kudzera mwa broker uyu yekha. Sichigula, sichigulitsa. Mitengo ili m'masenti, ndi yotsekera pa tsiku lolembedwa mu price_date. Mzere uliwonse uli ndi ISIN, msika ndi ndalama yake. Musaphatikize ZWG ndi USD. Mtengo wogulira wa Epulo 2024 asanafike unasinthidwa kale kukhala ZWG. Null akutanthauza kuti sukudziwika. Mizere 50 pa tsamba. Pitirizani mpaka next_cursor itasowa. Mndandanda wopanda kanthu ukutanthauza kuti mulibe masheya. Mavuto amabwera ndi isError. Pa ndalama zongokhala gwiritsani ntchito get_cash_balance." Si buku lalitali. Ndi ziganizo khumi ndi ziwiri zokha, koma chilichonse chikutseka khomo limene ajenti akanalowera kukayerekeza. Chiganizo chomalizacho, chonena nthawi yosagwiritsa ntchito chidachi, ambiri amachiiwala.

Nanga inu, amene simulemba mapulogalamu, mungayese bwanji? Tengani sitetimenti ya kumapeto kwa mwezi yochokera kwa broker kapena ku nkhokwe ya masheya. Muphwa wanu aitane chida popanda AI, asindikize yankho losaphika momwe labwerera. Perekani yankholo pamodzi ndi malongosoledwe kwa mlembi wa bungwe, amene sanaonepo pulogalamuyo, mumupemphe kuti alembe papepala chiwerengero cha masheya a kampani iliyonse, mtengo wake, ndalama yake ndi tsiku. Paliponse pamene mlembi adzaime n'kufunsa kuti "apa akutanthauza chiyani", lembani chizindikiro. Pamenepo ndi pamene ajenti sakanaima.

Kenako yesani ajentiyo ndi mafunso amene mukudziwa kale mayankho ake. Mufunseni za kampani imene mulibe, muone ngati akana kapena apeka. Mufunseni kuti zonse pamodzi ndi madola angati, muone ngati atchula mtengo wosinthira ndi tsiku lake. Muphwa wanu achotse chilolezo dala, inu mufunsenso, mumve ngati anena kuti walephera kulowa kapena anena kuti mulibe kanthu. Funsani Loweruka, msika utatseka, muone ngati anena kuti mtengo ndi wa Lachisanu. Muuzeni agulitse masheya khumi, mutsimikize kuti akukanika. Funso lililonse libwerezeni kasanu m'macheza atsopano, chifukwa AI sayankha mofanana nthawi zonse, ndipo kukhoza kamodzi si umboni. Funsani m'Chichewa, m'Chishona ndi m'Chingerezi ngati komiti yanu imalankhula zonsezi.

Mipata mukaipeza, muphwa wanu afunse wopanga chida kuti ayankhe molemba. Ngati chidacho ndi cha pulogalamu yotseguka, akhoza kuwerenga m'kati, kupeza mayankho, n'kulemba description yatsopano yekha. Koma alembe zokhazo zimene watsimikiza poyesa, chifukwa malongosoledwe onena zabodza ndi oopsa kuposa achidule: ajenti amawakhulupirira kotheratu. Kwa miyezi itatu yoyamba, lipoti la ku msonkhano lizichokera pa sitetimenti ya broker, ndipo yankho la ajenti liziikidwa pambali pake kuti mlembi aziyerekeza mzere ndi mzere.